Thanki Imene Atate Ankalankhuliramo

Nkhani iyi ndi yoona, ndipo ndilibe nthawi yokangana ndi munthu za iyo. Anthu a kuno ku Kafue amene anaimva m'maminibasi ndi pamsika anaithira mchere wawo, ena amati tinkaphika munthu wamoyo, ena amati tinalowa za Satana, koma onsewo anali panja. Ine ndinali m'kati. Sinditchula dzina la aliyense, osati chifukwa ndimawalemekeza, koma chifukwa ena mwa iwo ndi okalamba tsopano ndipo adzukulu awo alibe mlandu. Amene akufuna umboni abwere adzandiyankhule chakumanzere kwanga aone ngati nditatembenuke.

Atate anabwera kuno kuchokera kum'mawa ali mnyamata, kutsata ntchito za m'mafakitale, ndipo anakhala mmisiri wa mathanki, aja amadula zitsulo, kuzipinda ndi kuziwotcherera mpaka zikhale mimba yaikulu yosunga mpweya kapena madzi otentha. Ntchito itatha ku Industrial, dera la mafakitale, anakhala pakhomo zaka zingapo, akukonza mageti ndi mbaula za anthu a m'dera la Estates, nkhope ili gwa ngati munthu amene wakhalitsa pamaliro. Kenako kunabwera mwayi wa kontrakiti ku mgodi wina wa kunja, m'dziko la mapiri, pamwamba penipeni pamene ankatiuza pafoni kuti madzi a m'ndowa amadzuka ali mwala ndipo munthu wachilendo amayenda masitepe khumi n'kuima kupuma ngati nkhalamba. Anali ndi bipi, matenda othamanga magazi, tonse tinkadziwa, koma anamwa mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi tsiku loyezedwa ndipo anapambana. Ndani akanawaletsa? Munthu amene wayamba kuitanidwanso kuti mmisiri mungamuuze chiyani?

Mwezi wachisanu ali kumeneko, m'mawa wina akumanga mabawuti, anati mutu ukuwang'amba, anasanza, n'kugwa. Madokotala anati mtsempha unaphulika m'mutu magazi n'kukhuthukira mu ubongo, ndipo anati mpweya wochepa wa kumapiri umathamangitsa mtima, choncho kwa munthu wa bipi zili ngati kupopa tayala lakale. Anawatsitsa pa ndeke, anawachita opaleshoni, ndipo patapita masabata, magazi atasiya kutuluka, anayamba kuwalowetsa m'makina ena ooneka ngati thanki yogona, ya mawindo. M'menemo amathiramo mpweya wambiri mopanikiza, wodwala n'kumapuma okosijeni, kuti magazi anyamule wochuluka kupita nawo kumalo ovulala a ubongo. Analowamo kangapo dokotala ali pawindo, ndipo akuti m'pamene anayambanso kumeza okha. Kenako kampani inati yachita mbali yake, inawakweza ndeke kuwabweza kwathu ndi envulopu ya mapepala ndi chithunzi chimodzi cha makinawo m'foni.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili ku Lusaka, chaka choyamba cha sukulu ya unamwino. Amayi anandiimbira n'kunena kuti azichimwene anga ali ndi akazi ndi ntchito, ndiye wobwera ndine. Sanafunse, ananena. Miyezi isanu ndi iwiri ndiyo sukulu yanga yonse, ndinkadziwa kuyala bedi, kuyeza kutentha kwa thupi ndi kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda, basi, koma kuyambira tsiku limenelo komboni yonse inayamba kundiitana kuti ba Nesi, ndipo mpaka lero ena amandiitana choncho ndikugulitsa tomato. Muziseka, inenso ndinkaseka poyamba.

Amene anabwera pa ndekeyo anali theka chabe la atate. Mbali yakumanja inali yakufa, pakamwa panapotoka, ndipo mawu analibe ngakhale amodzi, ankangotulutsa kaphokoso kakukhosi akafuna madzi. Maso okha ndiwo ankakutsata. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti ankapuma ngati munthu amene akukwera chitunda ngakhale ali chigonere, ndipo ankazizidwa nthawi zonse, mwezi wa Okutobala malata akulira ndi dzuwa iwo akukoka bulangete ndi dzanja lamanzere.

Anzawo a ntchito yakale ankabwera Lamlungu lililonse, asanu ndi mmodzi, onse amisiri opanda ntchito, ndipo wamkulu wawo anali amene anali foromani wawo, amene aliyense ankangowatcha ba Foromani ngakhale panalibenso chimene ankayang'anira. Tsiku lina amayi anawaonetsa chithunzi chija, akudandaula kuti akanakhala kuti makinawa aliko pafupi bwenzi mwina bambo akulankhula. Ba Foromani anachikulitsa ndi zala, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuseka. Anati chimene azungu akutiopseza nachochi ndi thanki ya mpweya imene aikamo bedi, ndipo iwo ndi anyamata awo apanga zoposa pamenepa maulendo osawerengeka. Enawo anapatsirana foni, aliyense akuloza pamene pali msoko wowotcherera, ndipo ndinaona nkhope zawo zikuwala ngati ana.

Thanki yawo anaipanga miyezi itatu, m'bwalo la shedi ina yotsekedwa ku Industrial, kuchokera ku thanki yakale imene anaikwecha mpaka m'kati munawala. Ndisaname, inali ntchito yabwino. Anaiyesa ndi madzi pa mphamvu yoposa katatu imene ankafuna ndipo sinadonthe. Chitseko anachipanga chotsegukira m'kati, kuti mpweya womwewo uzichikanikiza, ndiye kuti mukakhala mpweya palibe munthu angachitsegule, kaya wa m'kati kaya wa kunja. Ankadziwa za moto kuposa ine: m'kati munalibe kulowa mafuta odzola, wigi, foni kapena nsalu yoterera, ndipo m'malo mwa nyundo yachitsulo anaikamo kanyundo ka mkuwa chifukwa sikathetheka. Koma windo sanaike. Nditafunsa, ba Foromani anati bowo lililonse pa thanki ndi chilonda, galasi loyenera silipezeka, ndipo iwo agwira ntchito m'mimba mwa mathanki zaka makumi atatu popanda windo, akumvana ndi kugogoda kokha. Wa kunja amagogoda kamodzi kufunsa. Wa m'kati akagogoda kawiri ndiye kuti ali bwino, akagogoda katatu ndiye kuti nditulutseni. Ndipo panali lamulo lina limene ananena mongodutsa, ine osalilabadira, lakuti m'thanki mukakhala mmisiri ndi wothandizira, wa kunja amamvera nyundo ya mmisiri, chifukwa othandizira atsopano amachita mantha ndi mdima n'kumagogoda katatu popanda chifukwa, ntchito n'kuima.

Ndinakana, musaganize kuti ndinangoti zii. Ndinapita kukafunsa kukiliniki ndipo amene ndinawapeza anati tisayerekeze, zinthu zimenezo zimafuna dokotala woyeza wodwala asanalowe ndi woyang'ana nkhope yake ali m'kati. Nditawauza amayi anandifunsa kuti nanga iwo a kukiliniki apereka chiyani m'malo mwake, ndipo yankho linali lakuti kuwongola miyendo ndi kudikira. Nditawauza ba Foromani anandifunsa, anzawo akumvetsera, kuti ba Nesi sukulu yanu ija munaphunzira miyezi ingati, onse n'kuseka. Kenako analowamo okha ndi nkhuku kukhwapa, anakhalamo theka la ola, n'kutuluka akunena kuti mawondo awo abwerera unyamata ndipo nkhuku ikupempha kubwereza. Amayi anaseka koyamba chibwerere atate. Pamenepo ndinadziwa kuti ndaluza.

Tinkapita masana, chifukwa ndiyo nthawi imene magetsi ankakhalako oyendetsera kompuresa yopopera mpweya m'thanki. Atate tinkawagoneka pa matiresi, ine n'kukhala chogwada pambali pawo ndi tochi, popeza munthu sakanatha kuimirira m'menemo. Chitseko chikatsekedwa phokoso lonse la dziko linkazima, kenako mpweya unkayamba kulowa ndi mluzu wautali, kutentha kumakwera, makutu kumawawa mpaka umeze malovu kambirimbiri. Atate ndinkawapatsa madzi pang'onopang'ono kuti nawonso azimeza, ndiyeno n'kuwaveka chophimba kumphuno cholumikizidwa ku botolo la okosijeni limene linali panja. Mawu ako omwe ankasintha, ankamveka opyapyala ngati ukulankhulira m'botolo. Tsiku loyamba, kunja atagogoda kamodzi, ndinatambasula dzanja kuti nditenge kanyundo, koma atate anali atakatenga kale ndi dzanja lamanzere. Anagogoda kawiri, koyamba mwamphamvu, kachiwiri mopepuka ndi mofulumira, ngati munthu wotsimphina. Tili kutuluka ndinapeza madoda akuluakulu akupukuta maso, akuti kugogoda kumeneko ndi kwa iwo okha, akhoza kukuzindikira pakati pa nyundo zana.

Ulendo wachitatu ndi pamene zinayamba. Tinali titakhalamo mwina theka la ola, ine ndikuwodzera ndi kutentha, pamene ndinamva chophimba chija chikusuntha. Nditawalitsa tochi ndinapeza achikankhira pachibwano ndipo akundiyang'ana, pakamwa pali powongoka bwinobwino. Atate ankanditcha mama, chifukwa anandipatsa dzina la mayi awo.

"Mama, wadzatani kuno? Ulibe ndi juzi yomwe. Uzizidwa."

Thukuta linali likuyenderera m'khosi mwanga. Sindinakuwe, sindinalire, ndinangoti ndabwera kudzakuonani, ngati kuti tinapanganapo. Anandifunsa ngati pobwera ndinaiona basi ya kampani imene imatsitsa anthu kumunsi, chifukwa anzawo onse atsika kale ndipo iwo akhala akuidikira pageti. Anadandaula kuti anasiya mabawuti anayi osamanga ndipo mawa wina adzawanamizira ulesi. Ankalankhula chilankhulo cha kumudzi chenicheni, chija ankalankhula ndi abale awo pamaliro, osati cha m'tauni chimene tinkalankhula pakhomo. Nthawi itakwana kunja anayamba kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo ndinaona ndi maso anga mawu akulemera m'kamwa mwawo, lilime likukanika, mlomo ukutsetserekera kumbali, moti chitseko chimatseguka n'kuti abwerera kukhala munthu wa kaphokoso kakukhosi uja.

Nditanena, amisiri anawombana m'manja ngati timu yawo yagoletsa. Amayi anati ulendo wotsatira alowa okha, ndipo analowadi, koma atate anangowayang'ana ola lonse osanena kanthu, amayi n'kutuluka akulira atagwira makutu. Sanalowenso. M'malo mwake ankandituma mafunso ngati ndikupita kukaona munthu kundende: uwafunse ngati akumva kuwawa, uwafunse ngati phala likumakoma, uwafunse ngati akundidziwa. Ndinkafunsa, ndipo mayankho ena ndinkabwera nawo. Limodzi sindinabwere nalo, ndipo amayi adzalimva koyamba ngati wina adzawawerengere zimenezi. Nditawafunsa za phala, atate anaseka pang'ono n'kunena kuti ndiwauze amayi asamadzivute, chimene chagona kunyumbacho ndi ovolosi yawo chabe imene inatsogola ndi katundu, iwo eni ake akadali kumtunda.

Mungandifunse kuti nanga bwanji sindinaleke pamenepo, popeza ndinali nditaona kuti izi si za bwino. Ndikuuzani, ngakhale zimandichititsa manyazi. M'thanki muja atate anandifunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji, ndipo nditati ndinasiya anakwiya, anati ndani anakuuza zopusazo, ubwerere Lolemba. Chaka chonse panalibe munthu ndi mmodzi yemwe, m'bale kapena wa kutchalitchi, amene anali atandifunsa za sukulu yanga. Munthu yekhayo amene ankakumbukira kuti ndinali ndi moyo wangawanga ankapezeka m'mimba mwa chitsulo, ola limodzi, kawiri pa sabata. Inu mukanaleka?

Patapita mwezi amisiri anayamba kutopa ndi kumva za mawu amene iwo sankawamva. Anakhala pansi n'kuganiza monga amaganizira amisiri: ngati pa mzere uwu wa geji yoyezera mphamvu ya mpweya munthu akulankhula koma mawu akutsalira m'kati, ndiye kuti mphamvu ikuchepa, tikakweza mizere iwiri mawu adzakhazikika n'kutuluka nawo, monga momwe chitsulo chimasungira kupindika ukachipanikiza mokwanira. Ndinawauza kuti mutu wa munthu si chitsulo, kuti okosijeni wambiri amagwetsa munthu khunyu, zimenezo ndinali nditaziwerenga. Ba Foromani anati ngati ba Nesi achita mantha apume, mmisiri alowa yekha, nyundo amaidziwa. Ndinayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi. Ndinavula nsapato n'kulowa.

Linali tsiku lotentha koopsa, dzuwa lili paliwombo, chitsulo chosagwirika ndi dzanja. Mluzu wa mpweya unapitirira nthawi yaitali kuposa masiku onse, makutu anga ankachita ngati wina akulowetsamo misomali. Atate sanachedwe kuyamba kulankhula, ndipo anali osangalala kuposa kale lonse. Anati lero mpweya uli bwino, akupuma mpaka pansi pa chifuwa, mitambo yachoka ndipo akuona msewu wonse mpaka kuchigwa, ndi fumbi la galimoto likukwera. Kunja anagogoda kamodzi, iwo anayankha kawiri. Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisalole anthu aja atsegule msanga, chifukwa akatsegula amawabweza pageti n'kuyambanso kudikira.

Ndisanayankhe ndinaona mlomo wawo wa m'mwamba ukuphupha. Maso anatembenukira m'mwamba, msana unapindika, thupi lonse, ndi mbali yakufa yomwe, linayamba kugwedezeka pa matiresi. Ndinachotsa chophimba, ndinawatembenuzira cham'mbali, ndinawagwira mutu mpaka kunjenjemera kunatha. Atadekha anayamba kuliza mkonono wolemera, wosiyana ndi wa tulo. Ndinawatsegula zikope n'kuwalitsa tochi, ndipo kamwana ka diso limodzi kanali katakula kudzaza diso lonse, kosasuntha ndi kuwala. Miyezi isanu ndi iwiri ija inandikwanira kudziwa tanthauzo lake. Magazi anali atayambanso kutuluka m'mutu.

Kanyundo kanali katagwera pakati pa matiresi ndi khoma. Ndinakatola n'kumenya katatu ndi mphamvu zanga zonse. Kunja anagogoda kamodzi, kufunsa. Ndinakweza dzanja kuti ndimenyenso, koma ndisanamenye, pakhoma la chitsulo pafupi ndi mutu wa atate panamveka kugogoda kawiri, koyamba kwamphamvu, kachiwiri kopepuka ndi kofulumira.

Kanyundo kanali m'dzanja langa. M'thankimo munalibe kena. Ndinawalitsa tochi pa manja awo, onse awiri anali chigonere pa matiresi, zikhatho zili m'mwamba. Ndinawalitsa kumapazi, anali opanda nsapato, kutali ndi khoma. Ndinamenyanso katatu, ndipo ndisanapume n'komwe kunabweranso kawiri kotsimphina kaja, pamalo omwewo, ndipo ndinakumva ndi m'mawondo momwe chifukwa ndinali nditagwada pa chitsulo. Kompuresa inapitiriza kulira. Ndinakuwa mpaka mawu anatha, koma ndani angamve mawu a munthu kupyola chitsulo chokhuthala chotero injini ikulira pambali? Ndinakoka chitseko mpaka zikhadabo zinathyoka, chinali ngati lole yaimikidwa kuseri kwake. Ndiye ndinabwerera kukamenya, katatu, katatu, katatu, ndipo nthawi iliyonse chinthucho chinkadikira ndimalize, mwaulemu, n'kuyankha kawiri. Sindinayang'anenso kumene kunkachokera. Ndinazimitsa tochi chifukwa ndinkaopa kuti ndikayang'anitsitsa ndiona chimene chikugogoda.

Zimene zinkachitika panja ndinazimva pambuyo pake kwa amayi. Akuti anali atakhala pa kireti pamthunzi, ndipo atamva katatu koyamba anaimirira, koma ba Foromani anawakhazika pansi n'kuwauza kuti mwana wachita mantha ndi mphamvu yatsopano, mmisiri mwini wake akuti ali bwino, tamvani dzanja lakelo. Amuna asanu ndi mmodzi anatchera makutu pa thanki ndipo onse anagwirizana kuti ndi dzanja la mnzawo. Akuti zinatenga nthawi yoti munthu angaphike nshima n'kupakula. Amayi sadziwa malamulo a m'mathanki, sanagwirepo ntchito m'fakitale, ndipo ndicho chinandipulumutsa. Anadzuka, anapita kukhoma n'kuzula chingwe cha kompuresa.

"Ine ndili ndi anthu awiri m'menemo. Mmodzi akuti atuluke. Tsegulani."

Kompuresa itazima anamva bwinobwino mmene ndinkamenyera, kuti sikunalinso kuwerenga koma kumenya kwa munthu amene akumira, ndipo ba Foromani anasokonezeka. M'malo motulutsa mpweya pang'onopang'ono monga masiku onse, dzanja lawo linachita zimene linazolowera zaka makumi atatu pokhuthula thanki yopanda munthu, anatsegula valavu yaikulu yonse kamodzi.

M'kati munabangula. China chake chinaphulika m'khutu langa lakumanzere, madzi ofunda n'kuyenderera m'khosi. Ndinayatsa tochi koma sindinaone kanthu, thanki yonse inali itadzaza nkhungu yoyera, ndipo kunazizira, kuzizira kumene sindinakumvepo chibadwire, kolowa m'mano ndi m'mafupa, thukuta la pamsana n'kusanduka ngati madzi a m'firiji. Anthu odziwa anandiuza kuti mpweya ukatuluka mofulumira umachita zimenezo, ndipo sindikutsutsa. Koma m'nkhungu imeneyo, dzanja langa lili pachifuwa cha atate amene anali chigonere akuliza mkonono, ndinamva mawu awo pafupi ndi khutu langa lakumanja, pamwamba, pamene pangakhale pakamwa pa munthu amene wakhala tsonga. Analankhula modekha ngati munthu amene watola chikwama chake.

"Yafika, mama. Iwe utsalire, si yako."

Kenako chitseko chinagwera m'kati, dzuwa linalowa, manja anandikoka.

Anamwalira patapita masiku awiri kuchipatala ku Lusaka, osatsegulanso maso. Dokotala anati mtsempha wina unaphulika, ndipo anafunsa ngati panachitika chilichonse chachilendo. Amayi anati anangogwa pabedi. Ine ndinali pomwepo ndi thonje m'khutu, ndipo sindinanene kanthu, choncho musandiyese woyera.

Pamaliro ba Foromani anandipeza kuseri kwa tenti n'kuyamba kulumbira kuti iwo sanalakwe, anthu asanu ndi mmodzi sangamve molakwika dzanja la munthu amene agwira naye ntchito moyo wonse. Ndinawauza kuti kanyundo kanali m'dzanja langa nthawi yonseyo. Anandiyang'ana, kenako anati ngati zili choncho ndiye kuti mmisiri anafunadi kukhalamo, ndipo lamulo silinaphwanyidwe. Kuyambira tsiku limenelo sindinawapatsenso moni, tikakumana pamsewu ndimawoloka. Mphunzitsi wina amene ndinamufotokozera anati chitsulo chikatenthedwa ndi dzuwa kwinaku chikupanikizidwa chimalira chokha. Mwina. Koma chitsulo chimadikira kuti munthu amalize kumenya? Chitsulo chimatsimphina?

Zaka zinayi zapita. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti makina enieni aja a madokotala si ufiti ndipo si bodza, anawathandiza atate kumeza, ndipo mwina akanakhala m'manja mwa anthu oyeza ndi oyang'ana akanawathandiza koposa. Chimene chinkagogoda sindichidziwa ndipo ndinasiya kuchifufuza. Koma chimene chinatsekereza munthu wotuluka magazi m'mutu nthawi yonse ija ndimachidziwa bwino, sichinali mzimu, anali madoda asanu ndi mmodzi amene ankawakonda atate kwambiri, odziwa ntchito yawo kwambiri, moti anakhulupirira kulira kwa chitsulo kuposa munthu wamoyo amene ankapempha kutuluka.

Thankiyo ikadalipo, anangoiphimba ndi tenti, ndipo ndamva kuti ena mwa amisiri aja amapitabe kukaipukuta. Mwezi watha kunabwera mayi wina wa ku Chanyanya, mudzi wa asodzi kumtsinje, pa tebulo langa la tomato, wovala bwino, wa ulemu wake. Anagula mulu umodzi, anazengereza, kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati ndine mwana wa mmisiri uja. Anati amuna ake anagwa m'bwato ndi sitiroko, chaka chachiwiri tsopano sanatulutse liwu, ndipo wina wamuuza kuti ku Industrial kuli chithandizo. Sanafunse za mtengo, sanafunse ngati n'zoopsa. Anangofuna kudziwa chinthu chimodzi, ngati n'zoona kuti atate analankhula m'menemo. Maso ake ndinawadziwa, anali a amayi anga, analinso anga.

Ndinamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti ayi, sanalankhulepo, ndinangopeka ndili mwana kuti amayi asangalale. Anandithokoza, anamanga tomato wake pachitenje n'kumapita pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti ndamulanda chinthu chimene anayenda nacho ulendo wonse kuchokera kumtsinje. Limenelo ndilo bodza langa lokhalo m'nkhani yonseyi, ndipo akabweranso wina ndidzalinenanso. Inu amene mwawerenga mwadziwa zoona zake, ndiye mverani: ngati muli ndi wodwala amene anasiya kulankhula, ndipo wina, kaya ndi m'bale kaya ndi mnzake wapamtima, akukuuzani kuti ali ndi njira yomubwezera mawu kunja kwa chipatala, musafunse ngati imagwira ntchito. Mwina imagwira. Ine ndinawamva atate akulankhula kasanu ndi kawiri, ndipo ndikanasankha kuwasambitsa ali chete mpaka lero.